Funsani Azakhali: Mwana wanga wasiya ofesi, akuti akufuna ukalipentala

Mwezi uno makalata abwera ambiri ndithu, nditawayala patebulo ndinaona kuti angapo akuimba nyimbo imodzi ngakhale eni ake sakudziwana. Ndasankhapo anayi. Mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse, ndipo pena ndadulako chifukwa enanu mukagwira foni mumalemba ngati mawa kulibe.

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 58, ana ndili nawo anayi. Wachisamba wanga wamwamuna ndinamuvutikira kwambiri, fizi ya ku yunivesite ndinkachita kukongola kwa anthu, mpaka anamaliza digiri ya zowerengera ndalama n'kupeza ntchito yabwinobwino ya tayi pakhosi. Wagwira zaka zitatu zokha basi, chaka chatha wangofika kunyumba n'kundiuza kuti adadi ine ntchito ndasiya, ndikufuna ndizipala matabwa. Ukalipentala Azakhali! Panopa ali ndi kashedi kake, akupanga matebulo ndi mabedi ndi anyamata awiri amene anawalemba. Anzanga akandifunsa kuti mwana ali kuti ndimangoti ali konkuja ku ofesi, nanga ndinene kuti chani? Patha miyezi 7 osayankhulana bwinobwino, akabwera kwathu ine ndimalowa kuchipinda. Mayi ake akuti ndikuwonjeza. Ndimubweze bwanji mwanayu ku nzeru zake?

*Bambo wokhumudwa*

Bambo, kukhumudwa kwanu ndakumva ndipo sindikukusekani ayi. Ngongole ya fizi si masewera, amene anayendapo khomo ndi khomo kupempha kuti amubwereke akudziwa mmene manyazi ake amawawira. Koma kalata yanu ndaiwerenga katatu kufunafuna pamene mwanena kuti mnyamatayu akugona ndi njala, kapena akubwera kudzakupemphani ya lendi, kapena wayamba kumwa mosadziletsa, sindinapapeze. Chimene ndapeza ndi anyamata awiri amene akulandira malipiro kuchokera m'manja mwa mwana wanu, komanso anzanu amene mukuwanamiza. Nde ndikufunseni mosapsatira, chikukupwetekani ndi moyo wa mwanayu kapena ndi pakamwa pa anzanuwo?

Nkhani yanuyi si yachilendo ndipo sinayambe lero. Mu 1825 dokotala wina wochita bwino wa ku England, Robert Darwin, anatumiza mwana wake Charles ku Edinburgh kuti akaphunzire udokotala ngati iyeyo. Mnyamatayo sanapirire kuonerera opaleshoni, nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ogonetsa, munthu ankang'ambidwa ali maso akukuwa, nde patatha zaka ziwiri anasiya. Bambo aja anamusamutsira ku Cambridge kuti bola akhale m'busa, komako mtima wa mnyamata unali pa kutolera tizilombo m'tchire. Mu 1831 atapatsidwa mwayi wokwera sitima ya pamadzi yotchedwa Beagle, bambo ake poyamba anakana, anaona kuti ndi kutaya nthawi chabe, mpaka amalume a mnyamatayo, Josiah Wedgwood, ndi amene anawanyengerera kuti amulole. Ulendowo unatenga pafupifupi zaka zisanu, ndipo zimene anaona m'njiramo ndi zimene zinam'panga kukhala katswiri wa sayansi ya zamoyo amene ana amaphunzira m'kalasi mpaka pano.

Koma musandimve molakwa, sindikunena kuti mwana wanu ndi Darwin. Mwina adzangokhala kalipentala wamba wopanga mabedi osagwedera mpaka adzakalambe, osatuluka pa TV olo kamodzi, ndipo zimenezo pazokha n'zokwanira kuti bambo ake amupatse moni. Ine zimandinyansa nkhani zija zoti munthu tizimulemekeza pokhapokha njira yake itam'lemeretsa, ngati kuti ulemu ndi mphoto ya amene wapambana. Darwin ndam'tchula pofuna kukuonetsani chinthu chimodzi chokha, kuti bambo wanzeru, wophunzira, wokonda mwana wake, anaiona njira ya mwanayo n'kuiyesa yachabechabe, chifukwa ankaiyeza ndi muyezo wa moyo wake iye mwini. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ndikuululireni zanga. Mng'ono wanga anasiya uphunzitsi atagwira zaka 9 n'kugula makina osokera, ine ndinakwiya ngati ndalama zake za penshoni zinali zanga, ndinam'sala pafupifupi chaka chathunthu. Tsiku lina mvula inandipanikiza pafupi ndi pamene amasokera nde ndinalowa mosafuna. Ndinam'peza atagwada pansi pa mayi wina wodzakwatitsa mwana, mapini atatu ali pakamwa, tepi ili m'khosi, akupinda m'munsi mwa diresi uku akung'ung'udza nyimbo ndi mphuno. Zaka zonse za uphunzitsi zija sindinamumvepo akuimba, ankafika kunyumba atagwira mutu n'kukagona osadya. Anadzutsa maso, analavulira mapini aja m'dzanja, n'kundifunsa kuti achemwali mwabwera kudzandikalipira kapena ndikuyezeni? Ndinangokweza manja m'mwamba kuti andiyeze.

Nde inu bambo pitani ku shediko. Musapite ndi ulaliki, pitani ndi mafunso a munthu amene sakudziwa, chifukwa zoonadi simukudziwa. Mufunseni kuti tebulo limodzi limam'tengera masiku angati, matabwa amawasankha bwanji, amadziwa bwanji kuti auma, makasitomala ovuta amathana nawo bwanji. Muona nokha kuti digiri ija sinapite m'madzi, akalipentala ambiri aluso amagwa chifukwa sadziwa kuwerengera mtengo wa matabwa, guluu, misomali, vanishi ndi thukuta lawo, amagulitsa motchipa n'kumadabwa kuti ndalama ikupita kuti, pamene wanuyo mabuku a ndalama ndi chakudya chake. Mafunso olimba muli nawo ufulu wofunsa, monga akusunga kangachepe kapena ayi, maoda akadzauma miyezi itatu adzatani ndi anyamata ake aja. Amenewo ndi mafunso a kholo. Ndipo ngati zinakupwetekani kuti anangokuuzani atasiya kale osakufunsani nzeru, muuzeni zimenezo maso ndi maso, pamenepo iyenso ali ndi choti apepese.

Koma bodza lija la ku ofesi lisiyeni lero lomwe. Nkhani sizibisika, tsiku lina mnzanu mmodzi adzapita kukagula bedi n'kumupeza ali ndi utuchi m'tsitsi, ndipo mwana wanu adzadziwa kuti bambo ake amachita naye manyazi. Bala limenelo silipola msanga. Ngati mawu akukanika kutuluka, muitanitse mpando umodzi, mulipire mtengo wake wonse osanenerera.

Azakhali,

Achimwene anga anakwatira zaka 8 zapitazo koma mpaka pano kulibe mwana. Tsiku lina pa gulupu yathu ya banja ya WhatsApp msuweni wathu anaposita chithunzi cha khanda lake, nde ine ndinangolemba mocheza kuti alamu nanga inu mutionetsa liti wanu zaka zikupitatu izi, ndinaikanso ka emoji koseka. Mlamu wanga anatuluka pa gulupu nthawi yomweyo, foni sakuyankha, achimwene anandiimbira n'kundikalipira ngati kamwana. Inetu mlamu wangayo ndimam'konda ndipo funso limeneli aliyense amafunsa. Komanso kunena zoona mkaziyu amakonda kwambiri ntchito yake, ine ndimaona ngati ndi iyeyo amene sakufuna. Ndalakwa chani?

*Mlamu wodabwa*

Mwanawe, walakwa, ndipo ndikuuza mokukonda. Taona chiganizo chako chomaliza. Sunalowepo kuchipinda kwa anthu awiriwa, sunawaperekezepo kuchipatala, koma mlandu wauzenga kale, wolakwa wam'peza kale, ndipo mwangozi eti wolakwayo ndi amene si m'bale wako. Funso lako lija silinali funso, chinali chigamulo chovala emoji, ndipo mlamu wako anachimva bwinobwino.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti mu 2023 lonena kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo kusiyana kwa mayiko olemera ndi osauka pa nkhaniyi n'kochepa kwambiri. Madokotala amayamba kulitchula vuto banja likatha miyezi 12 likuyesa osadziteteza koma mimba osaoneka. Ndipo chimene achibale a mwamuna safuna kumva n'chakuti pafupifupi theka la mabanja oterewa vuto limakhalanso mbali ya bambo, yekha kapena pamodzi ndi mayi. Ndaona ndi maso anga akazi akusenza mawu opweteka a apongozi zaka ndi zaka pobisa zimene dokotala ananena za amuna awo. Sindikunena kuti kwa achimwene ako zili choncho, ndikungoti iwe sukudziwa, inenso sindikudziwa. Palinso china, mwa mimba 100 zilizonse zimene zadziwika, zapakati pa 10 ndi 20 zimapita padera, zambiri mwa izo m'miyezi itatu yoyambirira anthu asanauze aliyense. N'kutheka kuti uthenga wako woseka unam'peza munthu amene sabata yomweyo anali atangochokera kuchipatala ali chimanjamanja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iwe wongodutsa panja sungadziwe chifukwa chake nyali ikuyaka usiku.

Akatswiri a maganizo a anthu anachiona kalekale chizolowezi chimenechi, mmodzi wa iwo Lee Ross anachipatsa dzina mu 1977. Chimene ankanena n'chakuti zochita za mnzathu timathamangira kuzifotokoza ndi khalidwe lake, ndipo akatswiri ena anaona kuti zathu timazifotokoza ndi zimene zatigwera. Ukachedwa iwe ndi chifukwa cha mvula, akachedwa mnzako ndi waulesi. Mlamu akakhala opanda mwana ndi wokonda ntchito, koma zitakhala kwa iwe ukanafuna anthu amvetse kuti pali zambiri zimene sakuzidziwa.

Tiyerekeze tsopano kuti ukulondola, anthu awiriwa anakhala pansi n'kugwirizana kuti ana sakuwafuna, kapena akufuna mochedwerapo. Nanga zikusintha chani? Amene adzadzuke usiku ndi khandalo si iwe, amene adzalipire sukulu si iwe. Mwina sungazimvetse, inenso pali zisankho za abale anga zimene sindizimvetsa mpaka lero, koma munthu safunika kudikira kuti ine ndimvetse kaye kuti ndim'patse ulemu wake.

Kupepesa kwake kusakhale pa gulupu, ungomuikanso pa mbalambanda kachiwiri. Mulembere payekha mawu ochepa, kuti alamu ndinalakwa kufunsa zija, sizimandikhudza, ndakupwetekani ndipo pepani. Usaikepo mawu aja oti ngati ndakulakwirani, chifukwa ukudziwa kuti unalakwa, usaikeponso zoti ndimangocheza. Usafunse chifukwa chimene alibe mwana, olo mozungulira. Ukatumiza udikire, mwina sabata, mwina miyezi, nthawi yake ndi ya iyeyo. Ndipo tsiku lina pa chisangalalo cha pabanja wina akadzayambitsa funso lomweli, iwe udzakhale woyamba kusintha nkhani.

Azakhali,

Ndili ndi zaka 44, sukulu ndinasiyira ku sekondale chifukwa cha mimba. Panopa ana akula ndipo mtima ukundiuza kuti ndibwerere, ndinapeza makalasi a madzulo. Koma ndikaganiza zokhala pa desiki limodzi ndi ana amsinkhu wa mwana wanga thupi limazizira, komanso anzanga ayamba kale kundiseka akuti setifiketiyo ndikaionetsa kumanda.

*Mayi wamanyazi*

Mayi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ku Kenya kunali agogo ena dzina lawo Kimani Maruge, boma la kumeneko litachotsa fizi ku pulayimale mu 2003 iwo anapita kukalembetsa kalasi yoyamba mu 2004 ali ndi zaka 84, anavala yunifomu ya kabudula n'kukhala pakati pa tiana, mpaka analowa m'buku la Guinness, lija lolembamo opambana padziko lonse, ngati munthu wamkulu kwambiri kuyamba pulayimale. Mu 2005 anakwera ndege kukayankhula ku United Nations ku New York za maphunziro aulere. Inu mwatsala zaka 40 kuti mufike pamenepo.

Za kusekedwazo, anthu sationetsetsa mmene timaganizira. Pa kafukufuku amene Thomas Gilovich wa ku yunivesite ya Cornell ndi anzake anasindikiza mu 2000, ophunzira ankavekedwa tisheti yochititsa manyazi n'kulowetsedwa m'chipinda muli anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu aiona, koma amene anaizindikira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ana a m'kalasimo adzakuyang'anani sabata yoyamba, yachiwiri adzayamba kukubwerekani cholembera ndi kukuuzani mavuto a zibwenzi zawo. Anzanu osekawo musakangane nawo, enawo akuseka chifukwa nawonso akufuna koma akuopa. Kalembetseni, ndipo masamu mukhale kutsogolo.

Azakhali,

Tsamba lanu ndimawerenga mwezi uliwonse ndipo ndaona kuti mumakonda kunena kuti tisamaweruze anzathu. Nde ndithandizeni apa. Ndili ndi anzanga awiri a paubwana. Mmodzi anasiya kupemphera kumene tonse tinakulira, panopa akupita kwina kosiyana kwambiri ndi kwathu, ameneyo ndinamubuloka pa foni chifukwa ndinaona kuti watigulitsa. Winayo timapemphera naye bwinobwino koma akaledzera amamenya mkazi wake, mwezi watha anam'gulula dzino. Ameneyu ndimangoti za m'nyumba mwa eni sitilowerera, ndine ndani ine kuti ndiweruze. Mkazi wanga akuti ndasemphanitsa zinthu. Akulondola ndani?

*Mnzawo wa onse awiri*

Achimwene, akulondola ndi akazi anu, ndipo muwagulire kenakake pobwerera kunyumba lero. Mawu aja oti ndine ndani kuti ndiweruze mwawasungira munthu amene akuvulaza mnzake, pamene chikwanje mwachitulutsira munthu amene sanapweteke aliyense kupatula kukukhumudwitsani inu. Ndikuthokozeni komabe pofunsa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ine ndimaphunzitsa kulekerera chilichonse, si choncho ayi.

Ine ndikasokonezeka pa nkhani ngati izi ndimadzifunsa kuti njira imene munthuyu wasankha akuilipira ndani. Mnzanu woyamba akulipira yekha, wataya anzake ena ngati inuyo, mwina kwawonso akum'yang'ana ndi diso lofiira, koma chikumbumtima chake ndi chake. Chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa anthu onse chimene mayiko anavomereza ku Paris pa 10 Disembala 1948 chimanena mu gawo 18 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo chimatchula mwachindunji ufulu wosintha chipembedzo kapena chikhulupiriro. Simukukakamizidwa kugwirizana naye, mutha kukhulupirira ndi mtima wonse kuti wasochera, mutha kumuuza zimenezo kamodzi mwaulemu, kenako n'kupitiriza kufunsana za ana ndi za mpira ngati kale. Anthu amakhala paubwenzi zaka 40 asakugwirizana pa za kumwamba.

Mnzanu wachiwiri sakulipira yekha, akulipiritsa mayi uja ndi mano ake, ndi ana amene amamva kukuwa usiku. Imeneyo si njira ya moyo imene tingati aliyense ali ndi yake, ndi nkhanza basi. WHO imanena kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi amachitiridwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogonana pa moyo wake, ndipo kawirikawiri wochita zimenezo ndi mwamuna wake kapena chibwenzi chake. Nambala yotereyi siingafike pamenepo popanda anzawo a amunawo amene amaona n'kumati za eni. Komanso mowawo musaunamizire kwambiri, mnzanuyo akaledzera sakumenya bwana wake, sakumenya inuyo, akudikira afike kunyumba.

Katswiri wina wa uphungu wa ku America, Carl Rogers, analemba mu 1957 kuti munthu amasintha bwino pamene amene akum'thandiza wam'landira ngati munthu popanda kumuikira malire akuti ndikulandira ukayamba wakhala wabwino. Anthu ena amaimva nkhani imeneyi ngati kuti ndi kuvomereza zochita zonse, pamene kulandira munthu ndi kuombera m'manja zochita zake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mutha kukhala naye pansi mnzanuyo ali bwinobwino asanalawe, n'kumuuza kuti aise iwe ndi m'bale wanga, sindikutaya, koma dzino lija ndaliona ndipo sindikhala chete. Amene angamuuze mawu amenewa n'kumveka ndi mnzake wa paubwana ngati inu, osati mlendo.

Koma musathamangire kwa iyeyo kaye. Yambani ndi mayi uja, ndipo bwino apite ndi akazi anu pa nthawi imene mwamunayo kulibe, chifukwa amuna ena akadziwa kuti nkhani yatuluka panja amakabwezera kwa mkazi yemweyo usiku wake. Akam'funse chimene iyeyo akufuna, asakam'kalipire kuti bwanji sukuchoka, amene ali kunja amaona ngati kuchoka n'kophweka pamene pali ana, pali ndalama, pali mantha, ndipo nthawi yochoka ndi imene imakhala yoopsa kwambiri kwa amayi ambiri. Akamuuze kuti khomo lanu ndi lotsegula ola lililonse, asunge nambala zanu pamutu osati mu foni mokha, apite kuchipatala ndi dzinolo kuti zilembedwe, ndipo adziwe kuti kupita ku polisi kapena ku mabungwe othandiza ochitiridwa nkhanza ndi ufulu wake, mudzam'perekeza akafuna. Mukadzamva kukuwa kapena akadzakuimbirani pakati pa usiku, imeneyo si nthawi yokambirana, itanani apolisi.

Mnzanu woyamba uja mum'tsegule pa foni usiku uno. Musayambe ndi nkhani ya kopemphera pokhapokha aiyambitse yekha, ingomufunsani kuti ana ali bwanji, wamkulu uja ali kalasi yanji tsopano.